Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zamaphunziro: matabuleti akubwera, nanga mphunzitsi mwamusiya kuti?

Olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro, a Mlembi Wamkulu mu undunawu, akuluakulu a makoleji a aphunzitsi, ndi mabungwe nonse amene mukubweretsa zipangizo zamakono m'sukulu zathu,

Ndikupatsani moni mwaulemu wonse, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndiyankhule pabwalo anthu akumva. Ndine mayi, mphunzitsi wa Sitandade 3 pa sukulu ina ya kumudzi m'chigawo chapakati. Choko ndinayamba kuchigwira mu 1994, ndipo zaka zanga zopuma pantchito zayandikira. Sindinalembe kuti ndinyoze munthu ayi, wakutsina khutu ndi mnansi. Ndalemba poyera chifukwa zomwe ndinene panozi ife aphunzitsi timazikamba tsiku ndi tsiku pansi pa mtengo wa mango nthawi ya buleki, koma belu likangolira zimathera pomwepo.

Chandidzutsa ndi kakalata komwe ahedi athu anatiwerengera mwezi watha. Akuti kukhala maphunziro a kagwiritsidwe ntchito ka zipangizo zamakono pophunzitsa, masiku awiri, kuboma, ndipo sukulu iliyonse itumize anthu awiri. Pasukulu pathu tilipo aphunzitsi 14. Awiriwo akabwerako, akuti, adzaphunzitsa anzawo. Nditamva mawu otsirizawa ndinangoseka chamumtima, chifukwa nyimbo imeneyi ndaivina kangapo ndipo ndikudziwa pomwe imathera.

Ndisanayambe kudandaula ndiyamike kaye, pakuti choyamika chilipo. Mu 2023 boma linayambitsa pulogalamu ya BEFIT, yomwe cholinga chake n'kufikitsa matabuleti kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za pulayimale za boma, pafupifupi 6,000, pofika 2029. Matabuleti akewo safuna intaneti, amatchajidwa ndi sola, ndipo pulogalamu ya bungwe la onebillion yomwe ili m'menemo imayankhula ndi mwana m'Chichewa. Kwathu sinafike, koma ndinakaona pa sukulu ina ya m'dera lathu. Ndinaona kamtsikana katavala mahedifoni aakulu kuposa mutu wake, lilime lili panja, kakulondola chilembo cha "m" ndi chala. Kakalakwitsa, tabuleti imakabwezanso mofatsa, osakakalipira, osatopa. Ine amene ndili ndi ana 112 m'kalasi imodzi sindingathe kukhala pambali pa mwana aliyense motero. Ndiye musandimve ngati gogo wodana ndi zatsopano. Zipangizozi ndikuzifuna. Chomwe ndikuopa n'chakuti tikubwereza cholakwa chomwe ndinachiona ndi maso anga ndili mtsikana.

Mu 1994, a Bakili Muluzi atalengeza za maphunziro aulere, ana anasefukira m'sukulu, oposa miliyoni imodzi kuwonjezera pa omwe analipo kale. Aphunzitsi anachepa, ndipo boma linalemba ntchito ife masauzande ambiri omwe tinalibe maphunziro a uphunzitsi. Anatisula kwa milungu iwiri kapena itatu, n'kutiponya m'kalasi. Tsiku langa loyamba sindidzaliiwala: ana odzaza mpaka pakhomo, ine choko chikunjenjemera m'manja, osadziwa ngakhale kusiyana kwa sikimu ndi lesoni pulani. Maphunziro enieni, a MIITEP, anayamba mu 1997, zaka zitatu pambuyo pake, ndipo ena mwa ife tinadikira nthawi yaitali kuposa pamenepo. Ana omwe anadutsa m'manja mwathu m'zaka zimenezo ndimakumana nawo pamsika, ndi abambo ndi amayi tsopano, ndipo ena mwa iwo amasainira ndi chala. Mlandu umenewo ndimausenza nawo. Tinatsegula chitseko mphunzitsi asanakonzeke. Lero chomwe chikulowa pachitseko si ana, ndi mabokosi a zipangizo, koma mphunzitsi ali pomwe paja.

Dandaulo langa loyamba, ndipo ndi lalikulu, ndi la kaphunzitsidwe kopatsirana ngati mphekesera. Ndikuuzeni momwe kamathera, chifukwa malipoti omwe amafika pa madesiki anu amangoti "aphunzitsi onse aphunzitsidwa". Ulendo wapitawu anzathu awiri atabwerako, tinasonkhana Lachisanu masana ana ataweruka, m'kalasi ya Sitandade 8, njala ili m'mimba. Anzathuwo anaima kutsogolo ndi kabuku ka mapepala ofotokopa. Laputopu inali imodzi, ndipo tinaizungulira ngati nkhuku pa madeya, ena akusuzumira pamwamba pa mapewa a anzawo. Pasanathe mphindi 40 batire inatha. Zotsalazo anatilembera pabolodi: dinani apa, mukatero dinani apo, pakatuluka chakuti musankhe chakuti. Ndinakopera zonse mu kope langa bwinobwino, ndi mitu yodula mzere kunsi. Kopelo ndikadali nalo, koma mpaka lero sindinadinepo paliponse. Titamaliza tinasainira pepala, ndipo pepalalo linanyamuka ulendo wa kumtunda kukachitira umboni kuti aphunzitsi 14 aphunzitsidwa.

Anzathu awiriwo sindikuwaimba mlandu. Iwonso anaphunzira mothamanga, pa holo yodzaza, wophunzitsa akusintha zithunzi pa pulojekita ngati akuthawa mvula. Munthu sangagawe zomwe sanakhute. Komanso luso la chipangizo limakhala m'zala, ngati kupalasa njinga kapena kupondera makina osokera. Ndani anaphunzira njinga pokopera notsi? Umagwa, umadzuka, wina akukugwirira chishalo kumbuyo, mpaka tsiku lomwe ucheuka n'kupeza kuti anasiya kalekale.

Ndinene ndi chinthu china chomwe tonse timachidziwa koma timachita nacho manyazi. Maphunziro a kuboma amabwera ndi alawansi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro a mphunzitsi anasanduka madzi a m'dengu, ndipo ambiri mwa ife mwezi umatha tili pangongole za katapila. Ndiye kakalata kakati "anthu awiri", funso la pasukulu silikhala lakuti ndani amaphunzitsa makalasi omwe adzagwiritse ntchito zipangizozi. Limakhala lakuti ulendo uno ndi wa yani. Mapeto ake amapita wa Sitandade 7 kukaphunzira za matabuleti a ana a Sitandade 2, ndipo otsalawo amatsala ndi kachiwawu mumtima. Uku si kuipa mtima kwa aphunzitsi. Ndi momwe dongosololo linapangidwira.

Chachiwiri ndi nkhani ya kabati yokhoma. Zaka zingapo zapitazo bungwe lina lachifundo linatisiyira matabuleti 20, laputopu ija, ndi sola yaing'ono. Tsiku lopereka kunali magule, amfumu anayankhula, amayi a komiti anaphika, zithunzi zinajambulidwa. Alendo atangokwera galimoto, uthenga womwe unatsala ndi wakuti wowononga adzalipira. Tabuleti imodzi ikhoza kudya malipiro a mwezi wathunthu. Ndani angayerekeze kuipereka m'manja mwa mwana wa zaka 8 amene wangochoka kodya mango? Panali mnyamata mmodzi yekha amene sankaziopa, mphunzitsi wothandizira yemwe anamaliza maphunziro a uphunzitsi a IPTE ndipo ankadikira kulembedwa ntchito. Iyeyo ndiye anali zonse: wotchaja, wotsegula, wosunga pasiwedi. Boma litamulemba ntchito linamutumiza kuboma lina, tinamutsanzika mosangalala, ndipo patapita sabata tinazindikira kuti pasiwedi ya laputopu yapita naye limodzi. Tinamupeza pafoni, n'zoona. Koma chomwe chinapita naye chenicheni si pasiwedi, ndi kulimba mtima. Matabuleti atatu ataleka kuyaka panalibe wodziwa ngati vuto ndi batire, chaja kapena chinthu china, ndipo panalibe nambala yoimbako. Lero onse 20 ali m'kabati mu ofesi, atakulungidwa m'nsalu kuopa fumbi. Amatuluka kukakhala alendo.

Chachitatu, ngakhale pomwe maphunziro achitikadi, amaphunzitsa chipangizo, osati kuphunzitsa. Amationetsa poyatsira, pozimitsira, potchajira, ndi momwe tingalembere kaundula wa zipangizo. Zimenezo mwana wa Sitandade 4 amazidziwa pa tsiku limodzi. Mafunso anga ndi ena. Ndili ndi ana 112 ndi matabuleti 20: pamene 20 ali pa matabuleti, 92 otsalawo akuchita chiyani, ndipo ine ndili mbali iti? Kuyambira 2016 timatsata ndondomeko ya National Reading Programme, yomwe imatiuza chilembo ndi liwu la sabata iliyonse. Nanga tabuleti ikamutengera mwana ku chilembo china chomwe ine sindinafikeko, ndilumikize bwanji ziwirizi? Pali ana ena ochenjera amene amangodinadina paliponse mpaka yankho lolondola litatuluka, osawerenga kanthu. Ndimuzindikira bwanji mwana wotere, ndipo ndimuthandiza bwanji? M'kalasi mwanga muli kamnyamata kosamva bwino khutu limodzi, ndi kamtsikana kachialubino komwe kamayandikitsa buku pamphuno kuti kaone. Zipangizozi zili ndi njira zokuzira zilembo ndi kukweza mawu, koma palibe anationetsapo. Awa ndiwo mafunso a mphunzitsi, ndipo sayankhidwa pa holo ya kuboma. Amayankhidwa m'kalasi, ana ali pomwepo akusokosa, wina wodziwa ataima pambali pako.

Pamenepa anthu amakonda kunena kuti vutoli litha lokha ife akale tikapuma, poti achinyamata anabadwa foni ili m'manja. Ndawaona achinyamatawo. Facebook amaidziwa, TikTok ndiye osanena. Koma kudziwa kuyendetsa chala pafoni ndi kwina, kudziwa chomwe chikumulepheretsa mwana kusiyanitsa "b" ndi "d" ndi kwinanso. Posachedwapa mtsikana wina amene wangobwera kumene kuchokera kukoleji anandionetsa monyadira lesoni pulani yomwe pulogalamu ya AI ya pafoni yake inamulembera. Inali yokongola, Chingerezi chosalala. Inkafuna kuti mwana aliyense akhale ndi sizasi, guluu ndi mapepala amitundumitundu, ndipo ana akhale m'magulu a anayianayi. Ndinamufunsa kuti magulu 28 tiwakhazika pati m'chipinda chomwe ana amakhala pansi mawondo atagundana. Tinaseka, kenaka tinakhala pansi n'kuikonza limodzi, iye akulemba pafoni, ine ndikumuuza zotheka ndi zosatheka. Inatuluka lesoni yabwino kuposa yomwe aliyense wa ife akanalemba payekha. Zinthu ngati zimenezi zikuchitika kale m'sukulu zanu, popanda chitsogozo chilichonse. Iye ali ndi zala, ine ndili ndi maso odziwa mwana. Dongosolo labwino likanatimanga pamodzi mwadala, osati mwangozi.

Chachinayi ndi maphunziro a pafoni. Masiku ano zambiri zimabwera pa WhatsApp: tsitsani kanema uyu, lowani pa linki iyi, dzazani fomu iyi lisanafike Lachisanu. Bandulo yake ndi ya m'thumba mwanga, ndalama yomwe ikanagula ndiwo za masiku awiri. Netiweki kwathu imapezeka pachulu cha kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo mukabwera madzulo mudzatipeza aphunzitsi atatu kapena anayi taima pamenepo mafoni ali m'mwamba ngati tikupempha mvula. Kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse zomwe zimaunikira magetsi, ndipo kumudzi n'zochepa kwambiri kuposa pamenepo. Foni timakatchajitsa ku tiledingi senta, molipira. Anzathu ena, makamaka amayi, ali ndi foni za mabatani, kapena foni yamakono ya pakhomo imayenda ndi bambo. Akalephera kudzaza fomu amalembedwa kuti alibe chidwi.

Phunziro la zimenezi tinalipatsidwa kale. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, kunamveka zambiri za maphunziro a pa intaneti, koma chomwe chinafikadi m'midzi yathu ndi wailesi. Ndipo wailesiyo inandikumbutsa Tikwere, pulogalamu yomwe inkaulutsidwa pa MBC cha m'ma 2008. Amene munalipo mukukumbukira mawailesi aja opukusa ndi dzanja. Chomwe chinkandisangalatsa pa Tikwere n'chakuti sinkamudumpha mphunzitsi. Mawu a pawailesi ankayankhula ndi ana, kenaka n'kutembenukira kwa ine: aphunzitsi, lembani chakuti pabolodi, aphunzitsi, sankhani mtsikana mmodzi ayankhe. Ndinkaphunzira njira zatsopano ndili m'kalasi mwanga momwe, tsiku ndi tsiku, osakwera minibasi, osasainira alawansi. Chipangizo chinali chotsika mtengo, koma omwe anachikonza anali ataganizira za munthu woima kutsogolo kwa ana.

Pali kenanso kakang'ono koma kosayenera kukanyozera. Tsopano timajambula ana n'kutumiza zithunzi pa magulu a WhatsApp ngati umboni wakuti ntchito ikuyenda, mayina ndi malikisi awo ali poyera. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu la 2024, koma palibe anatikhazika pansi kutiuza zomwe likutanthauza kwa mphunzitsi amene wanyamula nkhope za ana a eni m'foni mwake.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti nyumba yochitira zonsezi ilipo kale. Ma TDC, malo osulirako aphunzitsi, anamangidwa m'mazoni ndi cholinga chomwechi, kuti mphunzitsi azisulidwa pafupi ndi kwawo. Alangizi athu a m'mazoni, a PEA, alipo, ngakhale njinga zawo zamoto nthawi zambiri zimakhala zilibe mafuta. Unduna unakhazikitsa ndondomeko ya CPD, yopitiriza kusula aphunzitsi ali pantchito, mu 2018. Teachers Council of Malawi ikulembetsa aphunzitsi ndi kupereka ziphaso. Ku Domasi kuli akatswiri a Malawi Institute of Education. Sitikupempha kuti mumange chatsopano. Tikupempha kuti muyatse moto pa mafuwa omwe alipo kale. Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo poti matabuleti sanafike m'sukulu zonse, nthawi ikadalipo. Zopempha zanga, zomwe ndikudziwa kuti anzanga ambiri angasainire, ndi izi:

1. Lekani zotumiza anthu awiri. Mphunzitsi aliyense amene kalasi yake idzagwiritse ntchito chipangizo aphunzitsidwe yekha mwachindunji, chipangizocho chili m'manja mwake, pasukulu pake kapena pa TDC ya zoni yake. Ndalama za holo, mafuta ndi malo ogona kuboma zikhoza kuyendetsa ophunzitsa ochepa kubwera kwa ife, m'malo mokokera ochepa a ife kwa iwo.

2. Maphunzirowo asakhale a kamodzi. Pakhale tsiku lodziwika pa teremu iliyonse, lolembedwa pa kalendala ya sukulu, ndipo pakati pake wina azibwera kudzakhala nafe m'kalasi ana ali momwemo, kutiona tikuphunzitsa ndi kutithandiza, osati kudzawerenga matabuleti n'kumapita. Kuti zimenezi zitheke, apatseni a PEA mafuta, ndipo ayambe iwowo kuphunzitsidwa mokwanira.

3. Zipangizo zizifika kwa aphunzitsi teremu imodzi zisanafike kwa ana. Tiloleni tizigwire, tilakwitse, tichite manyazi tokhatokha, tisanaime nazo pamaso pa ana 112.

4. Lembani momveka, m'Chichewa ndi m'ziyankhulo zina za m'madera, chomwe chimachitika chipangizo chikawonongeka chikugwiritsidwa ntchito. Mphunzitsi asalipitsidwe pa ngozi ya m'kalasi. Zoni iliyonse ikhale ndi munthu wodziwa kukonza, ndi nambala yaulere yomwe imayankhidwa. Ndipo bungwe lililonse lofuna kupereka zipangizo kusukulu lisaloledwe kutero lisanaonetse ndondomeko ya maphunziro a aphunzitsi ndi ya kukonza kwa zaka zingapo. Mphatso yopanda zimenezi ndi katundu wongotisenzetsa.

5. Maphunziro aliwonse a pafoni azibwera ndi bandulo yake. Kambiranani ndi MACRA, TNM ndi Airtel kuti masamba a maphunziro a aphunzitsi azitseguka osadya mayunitsi, ndipo zomwe zingatheke ziziikidwa pa memori khadi kapena kuulutsidwa pawailesi. TDC iliyonse ikhale ndi sola, potchajira ndi makompyuta angapo oti mphunzitsi akhoza kupitako Loweruka kukayeserera.

6. M'makoleji a aphunzitsi, ophunzira asamangophunzira kutaipa. Aziyeserera kuphunzitsa ndi zipangizo zomwe akazipeze kusukulu, m'kalasi yodzaza ngati zathuzi, ndipo apatsidwe malangizo omveka pa za AI ndi pa za zithunzi ndi mbiri za ana. Akafika kusukulu, aliyense amangidwe pamodzi ndi mphunzitsi wakale kuti azisinthana zomwe akudziwa.

7. Maphunziro amenewa aziwerengedwa pa chiphaso ndi pa kukwezedwa pantchito. Ndipo pofuna kudziwa ngati ayenda bwino, musamawerenge masaini a papepala. Tumizani munthu mosalengeza adzaone ngati kabati ili yotsegula.

Olemekezeka, ine zaka zanditsalira n'zochepa, ndipo mwina matabuleti a BEFIT adzafika pasukulu pathu ine nditalongedza kale. Koma mtsikana wa lesoni pulani uja ali ndi zaka 30 kutsogolo kwake, ndipo sindikufuna kuti adzakumane pamsika ndi ana ake akale n'kuyang'ana kumbali ngati momwe ndimachitira ine. Mukafuna kuona zomwe ndalembazi, sankhani sukulu iliyonse yotalikirana ndi msewu wa tala, mufike osatumiza uthenga, kuti tisasese ndi kutulutsa za m'kabati.

Maphunziro a masiku awiri aja ndi sabata yamawa. Mayina awiri asankhidwa kale, ndipo langa palibe. Lachisanu lotsatira tidzasonkhana m'kalasi ya Sitandade 8, ndipo ndidzapita ndi kope langa lija, poti masamba ena akadalipo.

Ndine wanu pa ntchito yophunzitsa ana a dziko lino,

Mphunzitsi wa Sitandade 3,
sukulu ina ya kumudzi, chigawo chapakati.